Kabotolo kodzadza, magiya ouma: lipoti la boti lomwe oyilo wake anathiridwa kuchokera kumwamba

Boti limeneli linafika pangolo yake Lolemba m'mawa. Ndi la fayibala, lotalika mamita 6, injini yake ya petulo ya malita 4.3 ili m'kati, ndipo kumbuyo kuli stern drive ya mtundu wa Alpha One Gen II, chigawo chakunja kwa boti chimene chimatenga mphamvu ya injini kupita nayo ku pulopela. M'lipoti muno stern drive imeneyi ndiziitchula kuti mwendo. Mwini wake ndi bambo wachikulire wosamala katundu. Injini inali yoyera, mabatire omangidwa bwino, ndipo anali ndi kabuku kolembamo maola onse amene boti layenda. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa zomwe zinachitika sizinabwere ndi ulesi. Zinabwera ndi munthu wakhama amene anafuna kudzisinthira yekha oyilo, koma panali chinthu chimodzi chomwe sanauzidwe.

Dandaulo lawo linali lalifupi. "Amisiri, oyilo akutha, koma komwe akupita sindikukuona."

Pa maulendo awiri oyamba alamu inalira, ndipo nthawi zonse ziwirizo anapeza kabotolo ka oyilo wa magiya katatsika, n'kuwonjezera mpaka pamzere. Maulendo awiriwo anali aafupi, oyenda pang'onopang'ono. Pa ulendo wachitatu alamu inakhala chete, kabotolo kali pamzere osasuntha, iwo n'kumati vuto latha lokha. Anakweza liwiro. Patatha mphindi ngati 40 kumbuyo kunayamba kamluzu kowonda, kokwera injini ikakwera, kotsika ikatsika. Anazimitsa, n'kuweramira kumbuyo kukagwira chivindikiro chapamwamba pa mwendo, ndipo dzanja silinakhalitsepo chifukwa cha kutentha. Anadikira kuti pazizire, n'kubwerera kumtunda pa liwiro lotsikitsitsa. Kudekha kumeneko n'kumene kunapulumutsa magiya awo.

Mmene oyilo amakhalira m'mwendo woterewu

Kwa anzanga amene azolowera injini zopachika kunja zokha, ndifotokoze pang'ono. Mwendo wa mtundu uwu uli ndi magiya m'malo awiri. Shafiti yochokera ku injini imadutsa pakhoma lakumbuyo kwa boti, n'kufika pa magiya am'mwamba, amene amakhotetsa mphamvu kuti itsike ndi shafiti yoimirira. Pansi, m'chigawo chomira m'madzi, muli magiya ena amene amaikhotetsanso kupita ku pulopela, ndipo giya yopita kutsogolo ndi yobwerera m'mbuyo zili momwemo. Zipinda ziwirizi zimagwiritsa ntchito oyilo mmodzi, wodutsa pa kanjira kakang'ono pomwe chigawo cham'mwamba chimakumana ndi cham'munsi. Ndiye oyilo akachepa, am'munsi amakhalabe osambira, koma am'mwamba ndiwo amayamba kuuma. N'chifukwa chake mwendo wosowa oyilo umapsa kuyambira kumutu.

Pali masikuluwu awiri. Yam'munsi, imene ili ndi kamaginito, ndi yokhuthulira ndiponso yothirira. Yam'mwamba ndi yotulutsira mpweya. Kenako pali kabotolo kapulasitiki koonekera m'kati, komangidwa pa injini, kokhala ndi mzere ndi kachoyandama kamene kamaliza alamu oyilo akatsika. Payipi yopyapyala imachoka pakabotoloko, kudutsa khoma lakumbuyo, n'kukathera pa kavalavu ka sipuling'i kamene kamatseguka mwendo ukamangidwa ndi kutsekeka ukachotsedwa. Miyendo ya mtundu wa Bravo nayo ili ndi kabotolo kotereka, pomwe ya mtundu wa Volvo Penta SX ili ndi kandodo koyezera pamwamba pa mwendo penipeni. Mwendo wathu uwu, pamodzi ndi payipi ndi kabotolo, umalowa oyilo pafupifupi malita 1.9.

Ntchito ya kabotolo ndi kupereka malo oyilo akafufuma ndi kutentha, kubwezera kochepa kamene kasowa, ndi kuchenjeza woyendetsa. Sikanapangidwe kuti kakhale khomo lothirira mwendo wonse. Oyilo wa magiya ndi wolemera, payipi ndi yopanikiza, ndipo ngati masikuluwu onse ali otseka, mpweya wa m'mwendo ulibe potulukira pena kupatula payipi yomweyo imene oyilo akufuna kutsikira. Awiriwo amakanizana njira, oyilo n'kuima m'kabotolo ngati kuti pansi padzadza.

Tsiku loyamba: kufunafuna podontha pomwe panalibe

Mawu oti "oyilo akutha" ananditengera kutali. Mutu wanga unathamangira ku masilu, timphira totsekera oyilo pozungulira shafiti, chifukwa mwa maboti obwera ndi dandaulo ngati limeneli, ambiri amakhaladi ndi silu yodulidwa ndi chingwe cha mbedza kuseri kwa pulopela. Ndinachotsa pulopela. Panalibe chingwe, shafiti yoyera, silu yooneka bwino. Pansi pa injini m'boti munali mouma, payipi ya kabotolo yosanyowa paliponse pomwe maso amafika. Kabotolo kenikeniko kanali pamzere ndendende, ngakhale pansi pake panali matope akuda okhuthala ngati theka la chala. Ndinawaona, n'kunena mumtima kuti ndidzakatsuka pomaliza.

Ndinakhuthula oyilo m'beseni loyera. Choyamba chomwe ndimayang'ana ndi madontho oyambirira, popeza madzi amakhala pansi ndipo amatuluka asanatuluke oyilo. Madzi panalibe. Oyilo sanali wa mbuu ngati wosakanikirana ndi madzi, koma anali wakuda kuposa mmene oyilo wa maola ochepa ayenera kukhalira, ndipo fungo lake linali lopserera, losiyana ndi fungo lachibadwa la oyilo wa magiya. Pakamaginito panali utuchi wachitsulo wosalala, umene ukautikita pakati pa zala umangosungunuka ngati mwaye. Zibenthu zobaya chala panalibe. Izi zinandipatsa chiyembekezo kuti mano a magiya sanathyoke.

Kenako ndinayeza ndi mpweya. Ndinakanikiza payipi ya kabotolo ndi chopanira kuti mpweya usathawire kumeneko, n'kupopa mpaka geji yoyezera mphamvu ya mpweya itafika pa 12 psi, ndipo ndinadikira mphindi 15 ndikuzunguza shafiti ya pulopela ndi dzanja. Muvi wa geji sunasunthe. Ndinayezanso mokoka mpweya, chifukwa pa shafiti ya pulopela pamakhala masilu awiri opatsana msana, ina yotsekera oyilo m'kati, ina yotsekera madzi kunja, ndipo kuyeza kumodzi kokha sikuwaonetsa onse. Kumenekonso muvi unangoti chilili. Ndinabwereza zonse ziwiri masana, osakhulupirira. Theka la tsiku linathera pamenepo.

Chinatembenuza nkhani ndi mnyamata amene akuphunzira ntchito kwa ine. Ankathira oyilo wakale uja m'mabotolo opanda kanthu a lita imodzi kuti akaikidwe kumalo otayira oyilo. Anabwera atanyamula mabotolo awiri, lina lodzadza, lina lokhala ndi kochepa pansi.

"Abwana, wa boti ili ndi yekhayu? Tsiku lija tinakhuthula lina lofanana nalo anatsala pang'ono kudzadza mabotolo awiri."

Ndinayang'ana m'beseni, mopanda kanthu. Mwendo wa malita pafupifupi awiri unatulutsa lita imodzi ndi pang'ono, ukugwira mpweya bwinobwino, popanda podontha paliponse. Oyilo amene ankasowayo sanatayike. Sanalowemo n'komwe.

Ndinawaimbira eni ake nthawi yomweyo, n'kufunsa funso lomwe ndinayenera kufunsa m'mawa asanamasule n'komwe ngolo ku galimoto: oyilo ameneyu anasinthidwa liti, ndipo anathiridwa bwanji? Anayankha mosabisa. Anasintha okha milungu itatu yapitayo. Anamasula masikuluwu onse awiri, oyilo wakale anatuluka, anawabwezera n'kumanga, kenako anathira watsopano m'kabotolo. Ankatsika pang'onopang'ono, iwo n'kumawonjezera, kwa masiku awiri. Botolo loyamba litatha ndi lachiwiri litangoyambidwa, oyilo anaima pamzere usiku wonse, ndipo anatseka. "Lachiwirilo likadalipo loposa theka," anatero, "ndimaganiza kuti ndinagula wochuluka."

Kufunsa ndi kudziwa njira, akuluakulu anatero, ndipo ine tsiku limenelo ndinayamba ndi geji m'malo moyamba ndi pakamwa. Kutsika kwa kabotolo pa maulendo awiri oyamba kunalibe chodabwitsa. Mwendo ukatentha ndi kugwedezeka, mpweya wotsekeredwa umapeza mpata wokwera, oyilo n'kutsika kukatenga malo ake. Ndipo timadontho timeneto, popeza timalowera m'chipinda cham'mwamba, ndi tomwe tinkanyowetsa magiya am'mwamba kuti asapse msanga. Funso lomwe linatsala n'lakuti kabotolo kanaimiranji pa ulendo wachitatu, mwendo ukadali ndi njala yotere. Funsoli ndinaliona, koma sindinalitsate. Maganizo anga onse anali pa kamluzu kaja.

Kutsegula mutu wa mwendo ndi chisankho cha magiya

Lachiwiri tinachotsa mwendo. Mtundu uwu umafuna kuti giya ikhale yopita kutsogolo pochotsa ndi pobwezera, kenako n'kumasula mapisitoni okwezera mwendo ndi manati 6. M'kati mwa mphira wopindapinda amene amaphimba majoini a shafiti munali mouma, mopanda madzi ndi mopanda oyilo, kutsimikizira zomwe geji inanena.

Nditatsegula chivindikiro chapamwamba, nkhani yonse inali polembeka. Beringi yapamwamba inali itasintha mtundu, yofiirira ndi mabala obiriwira motuwa, chizindikiro cha chitsulo chomwe chatenthedwa. Ndikaizunguza ndi chala inkamveka kukhakhala. Maberingi awiri a giya yochokera ku injini anali ofiirira pang'ono. Silu ya pamenepo inali isanayambe kudontha, koma mlomo wake unali wolimba, wosabwerera ukaukanikiza ndi chikhadabo. Maberingi onsewa ndi siluyo panalibe zokambirana, zinayenera kusinthidwa.

Pa magiya enieni ndiye panali povuta. Ndinawatsuka n'kuwatulutsa padzuwa, ndikuyang'ana dzino ndi dzino ndi galasi lokulitsa. Panalibe timaenje, panalibe ming'alu, m'mphepete mwa mano munali mwathunthu. Pamalo pomwe mano amakhudzana panali powala kuposa masiku onse, ndi timizere tochepa tomwe chikhadabo sichinkakodwamo. Mtundu wa chitsulo unali wosasintha. Ndinaitana mmisiri mnzanga wa zaka zambiri pantchitoyi kuti aonenso. Iye anati asinthidwe basi, popeza giya yomwe yayendapo youma sudziwa kuti khungu lake lolimba lafooka motani, ndipo ikadzathyoka imaswa ndi chipinda chomwe. Mfundo yake ndi yoona ndipo sindinaitaye. Yanga inali yoti kutentha koopsa kukanafika pa mano kukanasiya mtundu monga kunachitira pa beringi, ndiponso kamaginito sikanagwire chibenthu ngakhale chimodzi. Magiya am'mwamba amasinthidwa awiri onse pamodzi, ndipo ndi gawo lalikulu la ntchito yonse.

Chisankho choterechi sindichipanga ndekha. Ndinawaitana eni ake, n'kuwaika magiyawo m'manja, n'kuwauza maganizo onse awiri monga analili. Ndinawauzanso kuti tikasunga akalewa, kamluzu kakhoza kutsalako pang'ono, ndipo adzayenera kubweretsa boti likayenda maola 10 kuti tidzakhuthule oyilo ndi kuona kamaginito. Ngati padzapezeke chibenthu, tidzatsegulanso. Anafunsa kuti likanakhala boti langa ndikanatani. Ndinati ndikanasunga magiyawo, koma sindikanaphonya tsiku la maola 10. Anavomera zomwezo.

Kumanga kunatenga Lachitatu lonse. Maberingi atsopano amafuna kuyezanso kulimba kwake ndi makulidwe a timashimu, tizitsulo topyapyala tosinthira mpata, chifukwa kasinthidwe kochepa kamasuntha pomwe mano amakumana. Apa sipofunika kuthamanga kapena kuyerekeza ndi maso, buku la wopanga ndi zipangizo zoyezera ndiye zimalamula. Nditamanga ndinayezanso ndi mpweya mwendo uli pabenchi, unagwira. Tinaonanso kuwongoka kwa injini ndi chitsulo choyezera, n'kubwezera mwendo ndi gasiketi ndi timphira tatsopano.

Pampu italimba m'manja

Lachinayi m'mawa ndinatsitsa mwendo mpaka shafiti ya pulopela itagona mowongoka, n'kumanga pampu pabowo lam'munsi, bowo lam'mwamba lili lotsegula. Kabotolo ndinali nditakakhuthula, kukapukuta ndi kukabwezera, chivindikiro chake chili chomasula. Ndinapopa pang'onopang'ono. Botolo loyamba linatha, lachiwiri linafika kupitirira theka, ndipo pabowo lam'mwamba panayamba kutuluka thovu, kenako oyilo wosakaniza ndi timathovu, kenako woyera woyenda mosadukiza. Ndinamanga sikuluwu yam'mwamba ndi washala yatsopano, n'kumuuza mnyamata kuti akwere m'boti aziyang'ana kabotolo.

Ndinapopa kawiri, katatu. Pampu inayamba kukana. "Wafika?" "Ayi, abwana, mulibe." Ndinakanikizanso kamodzi, ndipo chogwirira chinabwerera chokha m'dzanja langa.

Apa ndi pamene ndikufuna anzanga aime nane. Pampu ikalimba sikuluwu yam'mwamba ili yotseka ndipo m'kabotolo simukufika kanthu, siyani kupopa. Oyilo sapanikizika ngati mpweya. Mphamvu yonse ya dzanja lanu imakagwera pa masilu, ndipo kapampu kakang'ono kokwana m'botolo kangathe kutembenuza mlomo wa silu yomwe mwangoika kumene. Ndinamasula sikuluwu yam'mwamba pang'ono, oyilo anatumphuka, kusonyeza kuti m'kati munali mutapanikizika kale.

Ndiye funso lija ndinalisiya Lolemba linabwereranso. Njira ya pakati pa kabotolo ndi mwendo inali yotsekeka. Ndipo ndinaona chifukwa chomwe sindinazindikire msanga: poyeza ndi mpweya ndinapana ndekha payipi ndi chopanira, kutseka njira yomwe inali yotsekeka kale. Chikhala kuti pomaliza kuyeza ndinamasula chopaniracho ndikuyang'ana geji, bwenzi muvi utakana kugwa, ndipo ndikanadziwa tsiku lomwelo. Komanso mwendo unakhala pansi masiku awiri, kavalavu kali poyera, ndipo sindinakakanikize ngakhale kamodzi kuti ndione ngati oyilo akudontha. Ndi ntchito ya masekondi ochepa. Kusaichita kunatidyera tsiku lathunthu ndi gasiketi ina, ndipo zimenezo sindinawawerengere eni boti, poti kulakwa kunali kwanga.

Tinakhuthula oyilo watsopano uja m'chiwiya choyera n'kuchotsanso mwendo. Ndinathira oyilo pang'ono m'kabotolo, n'kukanikiza kavalavu ndi nsonga ya sikuludilaiva. Sipuling'i inali yamoyo, koma panalibe ngakhale dontho. Payipi ya m'kati mwa boti inali yotseguka titaipopera mpweya payokha. Vuto linali pa chidutswa chakunja, chimene chimadutsa pafupi ndi mphira wopindapinda uja ndipo chimapindika nthawi iliyonse mwendo ukakwera kapena kutsika. Amene anasintha mphirawo zaka zam'mbuyo anadutsitsa payipiyo mokhota, moti pamalo ena inali yophwatalala ngati yopondedwa. Nditaidula pamenepo, m'kati munali phala lakuda lolimba, lofanana ndi matope aja ndinawaona pansi pa kabotolo.

Zonse zinalumikizana. Kwa zaka payipiyo inali yopanikizika koma yodutsa, yokwanira timadontho tochepa tomwe kabotolo kamapereka masiku onse. Matope ankangokhala pansi pa kabotolo popeza palibe ankakatsuka. Bambowa atadutsitsa oyilo woposa lita pamenepo, matopewo anakokoloka pang'onopang'ono kupita pamalo ophwatalala paja, mpaka ulendo wachiwiri utatha njira inatsekeratu. Kuyambira pamenepo kabotolo kanali chiwiya chapachokha, chodzadza, chosadziwa kanthu za mwendo. Alamu nayo imayang'ana kabotolo, siyang'ana magiya. Kukhala chete kwake pa ulendo wachitatu kunali koopsa kuposa kulira kwake pa maulendo awiri oyamba.

Kusintha payipi yakunjayo n'kovutitsa zala chifukwa malo ndi opanikiza, koma tinaidutsitsa bwino, n'kukweza ndi kutsitsa chigawo chogwira mwendo kangapo, kupita kumanja ndi kumanzere, tikuonetsetsa kuti sikupindika paliponse. Kabotolo ndinakachotsa, kukatsuka mpaka kuonekera mbee, n'kukaumitsa. Kali kopanda kanthu ndinatembenuza kiyi, alamu inalira, kutsimikizira kuti kachoyandama n'kamoyo. Kenako ndinathira oyilo pang'ono, n'kudikira, n'kukanikiza kavalavu. Panatuluka dontho lonenepa, kenako lina.

Kuthira kwachiwiri

Lachisanu ndinawaitana eni ake kuti adzaone kuthirako ndi maso awo, popeza ndinadziwa kuti chaka chamawa adzafunanso kudzichitira okha, ndipo sindinaone chifukwa chowaletsera.

Tinayamba ndi kuyang'ana m'mabowo onse awiri ndi tochi. Washala yakale imakonda kumatirira m'bowo, munthu n'kuika yatsopano pamwamba pake, ndipo mawashala awiri osanjikizana amalowetsa madzi. Mawashala atsopano ndinawaveka pa masikuluwu ntchito isanayambe, yam'munsi n'kuiika m'thumba la malaya pamodzi ndi sikuludilaiva yaikulu yokwana bwino mumpata wake. Oyilo anali wa mtundu umene buku la mwendowu limanena, wa magiya a m'madzi, wosasakaniza ndi wina.

Ndinawapatsa pampu kuti apope okha. Anayamba mothamanga, ndinawagwira dzanja. Kupopa mwachangu kumapanga thovu, ndipo thovu limanamiza kuti mwadzadza. Kukanikiza kamodzi, kupuma, kukanikizanso. Oyilo akamalowera pansi amakankha mpweya patsogolo pake kupita kubowo lam'mwamba, ndiye chifukwa chake timathirira kumunsi. Atatulukira pamwamba tinaima mphindi zisanu, pampu ili pomwepo, ndikuzunguza pulopela ndi dzanja kuti mpweya wobisala m'maberingi ukwere. Titapopanso panatuluka timathovu tina, kenako oyilo woyera. Tinatseka pamwamba.

Anapitiriza kupopa, ulendo uno pampu ili yofewa. Patapita kanthawi mnyamata anafuula ali m'boti kuti wafika. Tinakwera kukaona: oyilo akubwera kuchokera pansi pa kabotolo, akukwera pang'onopang'ono. Bambowa anayang'anitsitsa nthawi yaitali osalankhula. Kenako anati, "Ndiye kuti kabotolo kamadzadza pomaliza, osati poyamba." Atakwera ngati masentimita 3 tinaleka. Tinamanga chivindikiro cha kabotolo, mphira wake uli m'malo, kuti oyilo asathamange potuluka pansi, ndipo ndinachotsa pampu n'kulowetsa sikuluwu mwachangu. Panatayika madontho ochepa pansanza. Kenako tinatsegulanso kabotolo n'kuwonjezera kuchokera kumwamba mpaka pamzere, osapitirira, ndipo chivindikiro tinachimanga ndi dzanja mosakakamiza. Titawerenga zotsala m'mabotolo, wolowa anali pafupi kwambiri ndi malita 1.9. Ndinawapempha kuti nambala imeneyo ailembe m'kabuku kawo.

Tisanapite kumadzi tinaliza injini pamtunda titalumikiza madzi kumwendo, popeza impela, kamphira kozungulira ka pampu yamadzi oziziritsa injini, pa mtundu uwu ili m'chigawo cham'munsi ndipo ikazungulira youma imapsa nthawi yochepa.

Zomwe zinatsatira

Pamadzi tinayenda ola limodzi, kuyambira pang'onopang'ono, ndikugwira chivindikiro chapamwamba nthawi ndi nthawi titaima. Chinali chofunda, chotheka kusungapo dzanja. Kamluzu kaja kanatsala kochepa kwambiri, komveka pa liwiro lapakati pokha ukatchera khutu. M'mawa mwake injini itazizira, kabotolo kanali katatsika ngati masentimita 2. Izi zimayembekezeka oyilo akangosinthidwa, ngakhale wathira mosamala chotani, chifukwa mpweya wina umatuluka mwendo ukagwira ntchito. Kwa ine kutsikako kunali nkhani yabwino, umboni woti njira ndi yotseguka. Tinawonjezera. Ulendo wotsatira kanatsika pang'ono chabe, ndipo wachitatu kanaima.

Patatha milungu iwiri anaimba foni ali ndi nkhawa. Oyilo wakwera kupitirira mzere, kodi si madzi alowa? Ndinafunsa ngati ayang'ana injini ili yotentha. Anati angofika kumene kumtunda. Oyilo amafufuma akatentha, ndipo mlingo woona ndi wa m'mawa boti lisanayende. Koma nkhawa yawo sinali yopanda maziko, chifukwa madzi akalowa m'mwendo mlingo umakweradi, ndipo umakhalabe wokwera ngakhale kutazizira, nthawi zina pansi pa kabotolo pakuoneka zotuwa. Ndinawauza ayang'anenso kutacha. Anatumiza chithunzi, oyilo ali pamzere, woyera.

Pa maola 10 anabwera monga tinapanganirana. Oyilo anatuluka wa mtundu wake, wopanda fungo lopserera, ndipo ulendo uno ndinamukhuthulira m'chiwiya chokhala ndi mizere yoyezera, chomwe tsopano chimakhala pafupi ndi benchi nthawi zonse. Kamaginito kanali ndi utuchi wosalala wochepa, wosadabwitsa pa maberingi atsopano, popanda chobaya chala. Mmisiri mnzanga uja anadzaona nawo. Anati akanasinthabe magiyawo, ndipo ine sindinganene kuti analakwa, chifukwa boti limodzi lomwe lapulumuka silitsimikizira kuti onse otero adzapulumuka. Likanakhala boti lonyamula anthu tsiku ndi tsiku kapena loyenda kutali ndi mtunda, nanenso ndikanasankha monga iye.

Kuchokera pa ntchito imeneyi ndinasintha zinthu zitatu m'kagwiridwe kanga, ndipo zonse n'zazing'ono. Boti lililonse lobwera ndi nkhani ya oyilo wa magiya, ndimayamba ndafunsa amene anathira komaliza ndi mmene anathirira. Poyeza ndi mpweya, ndikamaliza ndimamasula chopanira payipi chivindikiro cha kabotolo chili chotsegula, n'kuona ngati muvi ukugwa ndi thovu likukwera m'kabotolo. Ndipo mwendo uliwonse ukachoka pa boti, kaya wachokera chifukwa china, kavalavu kaja ndimakakanikiza.

Nthawi yosintha oyilo, yomwe pa miyendo imeneyi ndi maola 100 kapena chaka chimodzi, chomwe chayamba kukwana, inafika chaka chitatha boti lisanakwanitse maolawo. Bambowa anabwera ndi boti, mabotolo awiri a oyilo, mawashala atsopano ndi pampu yawoyawo, n'kupempha kuti achitire pabwalo langa ine ndikuyang'ana. Anachotsa kabotolo n'kukatsuka asanagwire sikuluwu iliyonse. Oyilo wakale anayezedwa, anali wokwanira, wopanda madzi, kamaginito koyera. Ndinalankhulapo kamodzi kokha, pamene anafuna kuchotsa pampu chivindikiro cha kabotolo chisanamangidwe. Kamluzu ka pa liwiro lapakati kakadalipo, sikanakule, ndipo tinagwirizana kuti tidzatsegulanso chivindikiro chapamwamba kudzaona mano a magiya pa kusintha kotsatira.